Tikukangana za feteleza pomwe kaufiti akudya chimanga pansi pa nthaka

Chaka chilichonse ikangofika Okutobala nkhani imakhala imodzi yomweyo, feteleza. Wafika kapena sanafike, thumba lili pa zingati, ndani walowa mu sabuside ndani wachotsedwa m'kaundula, pa wailesi, pa Facebook mpaka m'maminibasi nkhani ndi imeneyo basi. Sindikunena kuti feteleza ndi wosafunika ayi, nthaka yathu inatopa ndipo aliyense akudziwa. Koma kuli minda yambiri kuno kwathu yoti olo uthire bwanji chimanga chimangokhala chopinimbira, masamba ofota pomwe mvula ikugwa bwinobwino, ndiye ukadzapita mu Febuluwale kapena Malichi umapeza timaluwa tofiira tili psuu m'mizere monse. Kaufiti ameneyo. Mlimi wagulitsa mbuzi kuti apeze feteleza, ndipo gawo lina la feteleza ameneyo ladyedwa ndi kachomera komwe sanadzale.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena poyera: njira yamphamvu yogonjetsera kaufiti yomwe yapezeka mpaka pano sikuchokera m'botolo la kusitolo, ikuchokera ku mizu ya chomera chinzake. Ndipo mankhwala omwe zomera zimapanga zokha, olimbana ndi udzu komanso tizilombo, akuyenera kulowa mu bajeti ya ulimi ndi m'chikwama cha alangizi chimodzimodzi feteleza, osati kumangotchulidwa pa tsiku la chionetsero kenako nkuiwalika mpaka chaka chamawa.

Tiyambe ndi mmene kaufiti amagwirira ntchito yake chifukwa ukamvetsa pamenepa zina zonse zimalowa zokha. Njere zake ndi zazing'ono kuposa mchenga, chomera chimodzi chimataya masauzande ambirimbiri, ndipo zimatha kukhala m'dothi zaka zoposa 10 zili zamoyo, zikungodikira. Sizimera chifukwa choti mvula yagwa ayi. Zimadikira mankhwala ena ake omwe mizu ya chimanga, mapira kapena mawere imatulutsa m'nthaka, zikangowamva ndi pomwe zimamera, kamuzu kake nkukaboola muzu wa chimanga ndi kuyamba kuyamwa madzi ndi chakudya. Zonsezi zikuchitika pansi, masabata angapo iwe usanaone kalikonse. Pomwe timaluwa tija tikuonekera pamwamba chimanga chimakhala chitapwetekeka kale, nchifukwa chake khasu limafika mochedwa, mankhwala opopera udzu nawo amafika mochedwa. Kuzula kumathandiza kuti njere zatsopano zisagwe, koma zokolola za chaka chimenecho zapita basi.

Tsono kaufiti ali ndi pofooka pake. Kanjere kaja kalibe chakudya chokwanira, kakamera kosapeza muzu woti kayamwe m'masiku ochepa kamafa. Ndipo pali mbewu zina zomwe zimatulutsa mankhwala oitana aja koma mizu yake kaufiti sangayamweko. Thonje ndi imodzi, ndipotu mankhwalawa asayansi anawapeza koyamba mu 1966 kuchokera ku mizu ya thonje lomwelo, nkuwatcha strigol. Soya ndi mtedza nazo zimachita zofananako. Ndiye alangizi akamati kasinthasintha wa mbewu, nkhani si ya chonde chokha, munda wa soya ukudzutsa njere za kaufiti kuti zimere ndi kufa ndi njala. Zomera kulimbana kapena kuthandizana kudzera m'mankhwala otuluka ku mizu, masamba ndi zinyalala zake asayansi amati allelopathy, dzina lomwe katswiri wa zomera wa ku Austria, Hans Molisch, anabweretsa mu 1937.

Zomwe zinachitika ku Kenya ndi zomwe zimandipangitsa kuti ndisasiye kukamba nkhaniyi. Cha m'ma 1990, bungwe lofufuza za tizilombo la icipe, pa malo ake a ku Mbita m'mphepete mwa nyanja ya Victoria, limodzi ndi a Rothamsted a ku Britain, ankafuna njira yothana ndi kapuchi. Otsogolera anali Zeyaur Khan ndi John Pickett. Anadzala nsenjere mozungulira munda, ndipo pakati pa mizere ya chimanga anaikapo chomera choyanga cha gulu la nyemba chotchedwa desmodium. Agulugufe a kapuchi amakonda kuikira mazira pa nsenjere, koma mbozi zikaswa nkuyamba kuboola, nsenjere imatulutsa utomoni womata ndipo zambiri zimafera pomwepo. Njirayi anaitcha push-pull, kukankha tizilombo m'munda ndi fungo la desmodium ndi kutikokera kumalire komwe kuli nsenjere. Za kaufiti sanali kuziganizira nkomwe. Anangodabwa kuona kuti m'minda momwe muli desmodium kaufiti akutha, pomwe munda woyandikana nawo wadzaza.

Poyamba munthu akhoza kunena kuti aah ndi mthunzi chabe, kapena ndi chonde chomwe mbewu za gulu la nyemba zimaonjezera m'nthaka, poti kaufiti amakonda nthaka yoguga. Iwo anayesa mwanzeru. Anadzala desmodium mu miphika yake payekha pamwamba, chimanga mu miphika ina pansi yomwe dothi lake anasakanizamo njere za kaufiti, ndiye madzi othirira amadutsa kaye ku mizu ya desmodium nkumadontha kulowa mu miphika ya chimanga. Palibe mthunzi, mizu sikukhudzana, koma kaufiti anachepa kwambiri. Kutanthauza kuti chinthucho chili m'madzimo. Atafufuza anapeza kuti mizu ya desmodium imatulutsa mankhwala a mitundu iwiri, ena odzutsa njere za kaufiti kuti zimere, ena olepheretsa kamuzu kaja kukula ndi kugwira chimanga. Ndipo poti desmodium safa chaka chimodzi, ntchitoyi imapitirira nyengo ndi nyengo, nkhokwe ya njere m'dothi ikuphwa pang'onopang'ono. Ndiuzeni botolo la kusitolo lomwe lingachite zimenezo pa mtengo woti mlimi wa ekala imodzi angakwanitse.

Kenako kunabwera ntchemberezandonda za mtundu watsopano zija zochokera ku America, zomwe zinaoneka mu Africa koyamba mu 2016, ndipo kuno kwathu zinavuta mpaka mu Disembala 2017 pulezidenti wa nthawiyo Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Tonse tikukumbuka, anthu kuthira mchenga, phulusa, sopo wochapira, msuzi wa usipa pamtima pa chimanga kuti nyerere zibwere zidzadye mbozi, ena kupopera chilichonse chomwe venda wawauza. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2018, wochitika m'minda ya alimi ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, anapeza kuti minda ya push-pull inali ndi mbozizi zochepa ndi maperesenti oposa 80 poyerekeza ndi minda ya chimanga chokhachokha. Pali mtsutso ndithu pa chomwe chimachititsa, ofufuza ena mu 2024 anati si fungo kwenikweni lomwe limathamangitsa agulugufe, koma timinga tokolowika ta pa tsinde ndi masamba a desmodium, tomwe timamata ngati chisoso pa buluku, ndi tomwe timakola mbozi zazing'ono mpaka kufa. Kwa ine mtsutso wotere ndi wabwino, ukusonyeza kuti anthu akuifufuza nkhaniyi mozama, ndipo kaya ndi fungo kaya ndi minga, mbozi zikuchepa. Pa kaufiti ndiye umboni wa mankhwala a ku mizu sunagwedezeke.

Ndikudziwa zomwe ena anene, ndipo sakunama. Kumadzulo kwa Kenya mvula imagwa kawiri pa chaka, kuno imagwa kamodzi kenako miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri ya dzuwa lokhalokha. Desmodium woyamba uja wa masamba a mawanga oyera sapirira chilala, nchifukwa chake icipe inadzabweretsa mtundu wina wa masamba obiriwira okhaokha pamodzi ndi udzu wa brachiaria m'malo mwa nsenjere, zomwe zimapirirako. Komabe chilimwe chathu si dzuwa lokha. Tikangokolola mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa, munda wa munthu umasanduka busa la mudzi wonse, ndipo chobiriwira chilichonse chimadyedwa mpaka ku mizu. Chotsala anyamata osaka mbewa amabwera ndi moto. Chomera chomwe phindu lake lagona pa kukhalitsa m'munda zaka zingapo sichingapulumuke pamenepo pokhapokha amfumu ndi anthu awo atagwirizana malamulo, ndipo midzi ina yomwe imalima nandolo inachita kale zimenezi chifukwa nandolo naye amakhala m'munda anzake atakololedwa. Ndiye si zosatheka.

China ndi cha ndiwo. Pakati pa chimanga amayi amadzalapo nyemba, maungu, khobwe, ndipo ukawauza kuti malo amenewo muikepo chomera chosadyedwa ndi anthu akufunsa funso loyenera, ana adya chani? Apa ndi pomwe mapulojekiti ambiri amagwa, amabwera ndi chithunzi chokongola cha munda wa ku Kenya osafunsa kuti mphika wa ndiwo udzadza bwanji. Ine sindikunena kuti munda uliwonse udzalidwe desmodium. Ndikunena za chigawo chija cha munda chomwe kaufiti analanda kale, chomwe ukukololapo madengu awiri, pamenepo palibe chomwe ukutaya. Ndipo kwa alimi a ng'ombe zamkaka a ku Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, omwe amayenda mitunda kukamweta udzu wa ng'ombe ya m'khola, desmodium ndi nsenjere ndi chakudya cha ziweto chapamwamba, ku Kenya komwe alimi ambiri anaikonda njirayi chifukwa cha mkaka. Chaka choyamba ntchito imachuluka, njere za desmodium ndi zazing'ono, zimafuna dothi lofewa ndi kupalira ndi manja mosamala mpaka atayanga, koma akaphimba nthaka udzu wina umasowa pomera ndipo kupalira kumachepa. Vuto lalikulu kuposa onsewa ndi mbewu. Pitani m'masitolo a zaulimi pa tauni iliyonse mukafunse mbewu ya desmodium muone nkhope za ogulitsa. Chinthu chosapezeka mlimi sangachikane kapena kuchivomera.

Ndiyeneranso kuchenjeza anzanga omwe amatengeka msanga, chifukwa pa intaneti pano chilichonse chachilengedwe chimasanduka chozizwitsa. Si paliponse pomwe chomera chikulephera kukula pafupi ndi chinzake pali mankhwala. Bulugamu ndi malaina timawanena kuti amaononga nthaka, masamba a bulugamu alidi ndi mafuta ndi zina zolepheretsa njere zina kumera, ndipo sindingalangize munthu kuphimbira nawo nazale, koma mbali yaikulu ya vuto pansi pa mitengoyi ndi kulimbirana madzi ndi mthunzi basi. Mapira amatulutsa ku mizu mankhwala otchedwa sorgoleone omwe amafooketsa udzu wa njere zazing'ono, zoona, koma mapira omwewo ndi chakudya cha kaufiti, ukawadzala pa munda wa kaufiti poganiza kuti ukuthana ndi udzu ndiye wamuonjezera. Kalongonda amaphimba nthaka ndi kutsamwitsa udzu ndipo alinso ndi mankhwala ake olepheretsa zomera zina, koma ukamudzala nthawi imodzi ndi chimanga amachikwera nkuchigwetsa. Zinthuzi zili ndi malamulo ake, nchifukwa chake ndikuti zikufunika alangizi ndi kafukufuku, osati mauthenga ongotumizirana pa WhatsApp.

Omwe amati izi ndi zachikale, za anthu osowa ndalama, aziona zomwe makampani akuluakulu amachita. Mu 1977 wasayansi wa kampani ina ya mankhwala ku California anaona kuti pansi pa mtengo wa bottlebrush, womwe ife timadzala pakhomo chifukwa cha maluwa ake ofiira, udzu sukumera bwino. Anafufuza mankhwala a mtengowo, ndipo patapita zaka ntchito imeneyo inabala mesotrione, mankhwala ophera udzu m'chimanga omwe Syngenta inayamba kugulitsa mu 2001 pa dzina la Callisto. Cypermethrin yemwe timagula m'timabotolo uja anapangidwa potengera mankhwala a m'maluwa a pyrethrum, omwe alimi a ku Kenya, Tanzania ndi Rwanda amalima. Ndiye nzeru ndi yomweyo ya zomera, kusiyana kwake nkoti iwo anayeza, analemba mlingo pa botolo, ndipo ife tikugula ndi madola omwe dziko lilibe. Kwacha itagwa ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023 chilichonse chochokera kunja chinakwera, mankhwala a mbewu nawo ali momwemo, ndipo mlimi akalephera botolo lenileni amathera kwa mavenda pa msika, kugula zamadzimadzi za m'kabotolo kopanda chizindikiro, osadziwa dzina, mlingo, kaya masiku oyenera kudikira asanathyole masamba.

Pomwe kuseri kwa nyumba kuli ombwe, ena amati mthuthu, kumpoto mtetezga. Kuli nimu wodzaza ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, kuli deliya m'mbali mwa misewu, kuli futsa. Ofufuza a ku Malawi ndi Tanzania mogwirizana ndi anzawo a ku Britain akhala akuyesa zomerazi pa nyemba, khobwe ndi nandolo, ndipo kapangidwe komwe amagwiritsa ntchito nkosavuta. Masamba uwaumitse pa mthunzi osati padzuwa, usinje mu mtondo mpaka akhale ufa, kilogalamu imodzi ya ufawo mu malita 10 a madzi, uikemo sopo pang'ono kuti mankhwala atuluke bwino komanso amate pa masamba, zigone usiku wonse, mawa lake usefe ndi nsalu kawiri kuti sipuleya isatsekeke, ndipo upopere madzulo dzuwa litapepa chifukwa dzuwa limapha mphamvu yake msanga. Umabwereza sabata iliyonse. Zomwe anapeza nzoti tizilombo sitifa tonse ngati mmene zimakhalira ndi mankhwala a kusitolo, koma zokolola zimayandikira, chifukwa akangaude, mavu ang'onoang'ono ndi tizilombo tina todya nsabwe za mbewu timatsala amoyo nkumapitiriza ntchito. Ntchito yake ndi yambiri, sindibisa, kusinja ndi kusefa sabata ndi sabata si masewera, ndipo pa munda waukulu wa chimanga sizingatheke. Koma pa dimba, pa nyemba, pa nandolo nthawi ya maluwa, ndi ndalama yeniyeni yopulumutsidwa.

Nkhani ya ombwe yomweyi ndi yomwe ikuonetsa bwino chifukwa chomwe boma siliyenera kuwasiya alimi okha. Kwa nthawi yaitali alimi ena ankati ombwe amagwira ntchito zedi, ena nkumati ndi bodza tinayesa palibe chinachitika, ndipo onse ankanena zoona. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2012, wa ofufuza a ku Kew ndi Natural Resources Institute ku Britain pamodzi ndi a kuno kwathu, anapeza kuti ombwe alipo wa mitundu iwiri yofanana kwambiri m'maso. Wina ali ndi mankhwala opha tizilombo a gulu la rotenone, wina alibiretu. Pa zitsamba zomwe anatola m'madera osiyanasiyana a Malawi, pafupifupi chimodzi pa 4 zilizonse chinali cha mtundu wopanda mphamvuwo, ndipo mbewu yake inafala kudzera m'ntchito zolimbikitsa chonde m'nthaka, poti pa chonde mitundu yonse iwiri imathandiza. Tangoganizani mayi yemwe wathyola, waumitsa, wasinja, wasakaniza ndi chimanga chake kuti anankafumbwe asalowe, kenako nkupeza thumba lonse lafumbwa. Sadzakhulupiriranso, ndipo adzauza mudzi wonse. Iye analibe njira yodziwira, kusiyanitsa kumafuna labotale. Ntchito yoyeza ndi kuchulukitsa mbewu ya ombwe weniweni ndi ya malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, Bvumbwe, Makoka, Lunyangwa ndi Bunda, si ya mlimi.

Komanso tisanamizane kuti chachilengedwe sichipweteka. Ombwe makolo ankaphera nsomba m'madamu, ndiye wotsukira sipuleya kapena ndowa mu mtsinje akupha nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi, ndipo posinja ufa wake pamafunika kutseka mphuno ndi pakamwa. Madzi a fodya omwe ena amapopera ndiwo zamasamba ndi poizoni weniweni, chikonga chimalowa pakhungu, amene anathyolapo fodya wonyowa ndi mame akudziwa chizungulire ndi nseru yake, ndipo fodya amatha kupatsira tomato matenda. Dema, chomera china chomwe ena amaphera tizilombo, naye si wosewera naye. Zonsezi zikufunika kapepala ka Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao konena kuti chomera chakuti, pa mbewu yakuti, mlingo wakuti, dikirani masiku akuti, ndipo Pesticides Control Board ikhale ndi mbali pamenepo m'malo mongoyang'ana mabotolo ochokera kunja okha.

Pempho langa si lalikulu poyerekeza ndi mabiliyoni omwe amapita ku feteleza chaka ndi chaka. Pa ndalama za sabuside padulidwe kachigawo kochepa kochulukitsira mbewu ya desmodium, brachiaria ndi ombwe woyezedwa, ndipo alimi eni ake m'makalabu apatsidwe ntchito yochulukitsayo kuti ikhale bizinesi yawo, poti desmodium amathekanso kufalitsidwa ndi timitsitsi todula ku munda wa mnzako. Ayambire madera omwe kaufiti wafika poipa ndi omwe ali ndi ng'ombe zamkaka, minda yachitsanzo ikhale kwa alimi enieni kwa zaka zosachepera zitatu chifukwa chaka chimodzi kaufiti sungamuone kutha, ndipo mafumu akhale nawo pa zokambirana kuyambira tsiku loyamba chifukwa cha mbuzi ndi moto zija. Mbewuzi zifike mvula isanayambe, osati mu Januwale, popeza desmodium amadzalidwa limodzi ndi chimanga, ndipo ombwe woti adzapopere nyemba za chaka chamawa ayenera kulowa m'nthaka ndi mvula ya chaka chino.